Msewu Wothera pa Chonde

Gemu yathu ya pa kompyuta ija, kunena zoona, sinali yoti n'kunyadira pagulu. Inali ya minibasi imodzi yoyera, yonyamuka pa Mulanje Boma n'kumatola anthu m'masiteji. Ukafika pa Chonde msewu unkangothera m'malere, minibasi n'kugwera kuphompho ndi anthu ake omwe. Tinkaipanga awiri. Mnzanga Sungani ankajambula misewu ndi nyumba, ine Ganizani ndikulemba zoti galimoto iziyenda. Inali yaulere, ndipo zamkati mwake zonse tinaziika poyera pa intaneti kuti wofuna atenge, akonze, awonjezere. Otithandiza analipo, akunja angapo osadziwa n'komwe kuti Mulanje ali mbali iti. Koma ambiri ankangolemba madandaulo. Mabuleki sakugwira. Kondakitala akulowa m'khoma. Ndinatopa nawo ine.

Sungani anali ndi khalidwe limodzi londipsetsa mtima: ntchito yake sankaikweza pa intaneti mpaka ataimaliza. Dzinja lonse anakhalira kujambula msewu wochoka pa Chonde, kudutsa m'minda ya tiyi mpaka ku Limbe, zonsezo zili mu laputopu yake yokha kwawo ku Thuchila.

"Ayise, kweza zimenezo," ndinkamuuza. "Makina amafa awa."

"Ndionetse anthu zosapsa?"

"Gemu yonseyi ndi yosapsa, iwe!"

Ankangoseka. Ngakhale ineyo sanandionetse. Ankati ndidzaona ikatha.

Makinawo sanafe ayi. Amene anafa ndi Sungani. Anadwala kanthawi kochepa, akuti malungo, n'kutisiya.

Tsiku la maliro laputopuyo ndinaiona ndi maso angawa. Tikulowa m'nyumba kukanyamula bokosi, inali pa mpando kuchipinda, itakulungidwa m'chitenje. Mkazi wanga Ireen anandikokera kuseri kwa bafa.

"Bambo a mwana, nenani lero lomwe. Auzeni kuti muli ntchito yanu mmenemo."

"Mwapenga? Munthu sanalowe n'komwe m'manda, ine ndiyambe kufunsa katundu? Anthu ati ndinabwerera chiyani kuno?"

Kwathu kuno katundu wa malemu sakambidwa mpaka kumeta kutachitika, abale atakhala pansi. Ndipo mlendo salowererapo. Ndinalemekeza zimenezo. Ndinatseka pakamwa, n'kubwerera ku Boma.

Kudikira kwake kunali kowawa. Ndinalembera anzathu a pa intaneti aja kuti Sungani wamwalira, koma msewu wake ulipo, ubwera. Anapepesa bwinobwino. Wina anapepesa kenako n'kufunsa ngati mabuleki akonzedwe posachedwa. Eee, anthu! Gemuyo sindinkaitsegulanso, mtima unkandilemera.

Nditamva kuti katundu wagawidwa, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Thuchila. Laputopu inagwera a Jailosi, atsibweni ake a Sungani, bambo aulemu amene anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi. Ndisanafike pakhonde ndinamva kwaya ikuimba m'nyumba.

Anandilandira ndi manja awiri, n'kundipatsa mpando. Titalonjerana ndinafotokoza pang'onopang'ono za gemu, za msewu, za ntchito ya dzinja lonse. Iwo ankangogwedeza mutu.

"Pepani, mwana wanga," anatero. "Inkakana kutseguka, imafuna mawu achinsinsi amene ankawadziwa mwini wake yekha. Ndiye ndinapita nayo kwa okonza mafoni pamsikapa. Anaifulasha yonse, kuchotsa zonse zinalimo, n'kundiikiramo nyimbo ndi mafilimu. Akuti yadzaza mpaka pakamwa."

Ndinapempha kuti ndiione. Ndinkadziwa kale, koma munthu umafufuzabe. Ndinatsegula apa, ndinatsegula apo. Makwaya, maulaliki, mafilimu ankhondo. Za Sungani munalibe ngakhale mtengo umodzi wa tiyi. Akanangofufuta, mwina ndikanayesa kubweza. Koma anali atapondereza zatsopano pamwamba pake.

Kulira sindinalire. Ndinangomva kutopa kokhakokha, kochokera m'mafupa.

Kenako a Jailosi anandifunsa:

"Nanga simunanene bwanji tsiku lija?"

"Ndinkaopa mwambo, bambo. Sindimafuna kuoneka wadyera pamaliro."

Anapukusa mutu, n'kutsitsa mawu a kwaya ija.

"Mayi ake a Sungani anaikulunga okha m'chitenje, anaiikira inu pambali. Anati iyi ndi ya mnzake wa ku Boma uja, ndi amene ankagwira naye. Tinadikira kuti mubwera kudzanena. Mutakhala chete tinati kaya munayambana asanamwalire. Mayiwo mpaka lero amafunsa kuti mwana wawo anakulakwirani chiyani."

Ndinatseka laputopuyo n'kuwabwezera.

"Mayiwo ali kunyumba panopa?"

"Ali kudimba. Dikirani, ndikawaitane."

"Ayi bambo, khalani," ndinatero ndikudzuka. "Ndilozereni njira, ndipita ndekha."