Fungo Silidutsa pa Foni

Mliri usanabwere, phungu wa pachipatala chothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ankatchuka ndi mphuno. Munthu akangolowa m'kachipinda kake, asanakhale n'komwe pampando, mayiyu amakhala atadziwa kale ngati dzulo analawako. Ankayang'ana manja ngati akunjenjemera, maso, ngakhale kolala ya malaya. Odwala anamupatsa dzina loti Mayi Mphuno, iye n'kumaseka nawo.

Kenako chipatala chinatseka zitseko, akuluakulu n'kulamula kuti uphungu wonse uzichitikira pafoni. Ofesi yake inasanduka tebulo lositirapo zovala kuchipinda kunyumba kwake, ana akulimbirana limoti ya TV kuseri kwa chitseko. Kale ankacheza ndi anthu asanu pa tsiku, tsopano ankaimbira makumi awiri. Abwana anamuyamikira kuti ntchito ikuthamanga.

Lachitatu lililonse ankaimbira kalipentala wina, bambo wanthabwala amene anali atatha miyezi khumi osalawa ngakhale dontho.

"Zikuyenda bwanji, bambo?"

"Ndili gwa ngati msomali, mayi. Koma maoda a mipando anaima. Akundifunsa mabokosi a maliro okhaokha."

"Tayatsani kamera ndikuoneni."

"Kamera inafa kalekale. Ndiponso ndevu zimenezi mukaziona muthawa."

Phungu anaseka. Mawu a kalipentala ankamveka olemera pang'ono, koma netiweki nayo inkadukaduka, ndipo anthu asanu ndi awiri anali akudikirabe kuimbiridwa. Analemba pafomu kuti ali bwino, n'kudula. Zinayenda chotero kwa miyezi itatu.

Lachitatu lina foni inaitana nthawi yaitali, n'kuyankha munthu wamkazi.

"Ndinu aphungu aja? Ndine mkazi wawo. Bambo tinawaika Lolemba."

Phungu anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Ndi mliriwu?"

"Ayi, ndi chiwindi. Anayambiranso kumwa mutangotseka kuchipatalako. Mabotolo tawapeza m'shedi, pansi pa utuchi, odzaza wilibala."

"Mayi, bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzirani pati? Kale ndinkawaperekeza, inu n'kumandikokera pambali pakhonde paja kundifunsa za kunyumba. Pafonipa mumafunsa iwo okha." Mayiyo anapuma kaye. "Likafika Lachitatu ankasamba m'mawa, kutsuka m'kamwa kawiri, kuvala malaya oyera, ngati mukuwaona. Ankati, 'Mayi uja anandivutikira, ndisamugwetse mphwayi.' Mukangodula ankakhala pabenchi n'kumalira."

Phungu anangoti, "Pepani, mayi," kawiri, ngati munthu amene waponda mnzake m'basi. Zaka khumi ndi zisanu ali pantchito, palibe amene anamubisirapo botolo kwa sabata ziwiri. Uyu anamubisira miyezi itatu, iye akusekerera nthabwala zake.

Anaimbira abwana kupempha kuti odwala ena azikumana nawo ngakhale panja, atavala mamasiki, motalikirana.

"Lamulo silinasinthe, amayi," anayankha abwanawo. "Musadziimbe mlandu. Pamafomu panu zonse zili bwino."

"Ndi zimenezo zikundiwawa," anatero phungu.

Mwamuna wake anamupeza atakhala pansi, atatsamira bedi, foni ili pamiyendo.

"Amake ana, mwatani?"

"Ndaphetsa munthu."

"Inu simunamumwetse."

"Koma ndinamumva, abambo. Mawu aja ndinawamva, ine n'kunamizira netiweki chifukwa ndinkathamangira wina."

Mwamunayo anatuluka kukauza ana kuti achepetse phokoso, n'kubwerera kudzakhala naye pansi pomwepo. Foni inalira: anali wodwala wake wina, mtsikana telala amene nthawi yake yocheza inali itadutsa ndi theka la ola. Phungu anapukuta nkhope ndi bulawuzi yosasita imene inali pafupi, n'kuyankha.

"Ndili bwino, anti, musadandaule," anayamba mtsikanayo mwansangala.

Phungu anatseka maso, misozi n'kuyambiranso kutsika.