Msana wa a Esitele

"Namfedwa sachoka pamphasa asanamete," anatero a Timoteyo, akumangirira panjinga benchi yobwereka kutchalitchi.

Mkulu wawo, a Kefasi, anali ataikidwa dzulo lake. Mkazi wa malemuyo, a Esitele, anangokhala pakhonde, mpango wakuda uli kumutu. Chisankho cha chipulula chinali mawa lake pabwalo la sukulu ku Mavwere, ndipo lamulo la chipani linali losavuta: wopikisana aime, omufuna andande kumbuyo kwake, akuluakulu awerenge mitu. Wosabwera analibe msana woti anthu aimeko.

Nthawi ya chipani chimodzi, a Esitele anafunsapo pamsonkhano chifukwa chake amayi ankasiyitsidwa khasu kuti akavine. Yankho linali moto pankhokwe yawo. Banja linathawira ku Chipata, n'kubwerako riferendamu itadutsa. Tsopano amayi omwe ankavina aja ankafuna kuti a Esitele akawalankhulire ku Nyumba ya Malamulo.

A Timoteyo anati manda sanaume, anthu adzanena kuti mpando waposa mwamuna. Anawonjeza kuti ndale zinadya kale chimanga cha banja lino, ndipo akapita, asadzawerengerenso akuchimuna.

"Ndamva, alamu," anatero a Esitele. "Koma kumeta kungandidikire. Mzere sungandidikire."

A Keziya, mlongo wamkulu wa malemu, ankasenda mtedza pafupi. Sanadzutse mutu.

M'mawa a Esitele anapita okha, wapansi. Amuna awiri opikisana nawo anabwera pa malole a ku esiteti, anthu awo akuimba. Onse anawapepesa maliro mwaulemu kwambiri, ngati anthu amene apeza mwayi.

Atauzidwa kuti atembenuke ndipo asacheuke, a Esitele anayang'ana khoma la kalasi. Kumbuyo kunamveka mapazi, kulira kwa khanda, nkhwayira zikukhwekhwereza fumbi. Sanadziwe ngati anali anthu ochuluka kapena ongodutsa kupita kumizere ina. Anaganiza za mphasa imene anaisiya yosapinda, ndi zomwe zinkanenedwa kunyumba nthawi imeneyo.

Kenako anamva wowerenga mitu akudandaula kuti mzerewo wayambira patali, agogo akutsogolowo asendere.

"Sindisendera, mwanawe."

A Esitele anawazindikira mawuwo. Anali a Keziya.

"Ndiye mpatawu ndi wa ndani?"

"Wa mlongo wanga. Chikwatireni sanayendepo kutsogolo kwa mkazi wake, kaya n'kutchalitchi, kaya n'kumsika. Anzake ankamuseka, iye ankangoti patsogolo pamafunika wodziwa njira. Usamuwerenge, koma usamuponde."

Kenako a Esitele anamva nsapato za wowerengayo zikulambalala pampatapo, ndipo iye anayamba kuwerenga.