Netiweki Yofika pa Mpando wa a Madala

Abwana athu ndi ouma manja, izi n'zosabisa. Nditawapempha kuti tigule zipangizo zatsopano za netiweki, anandiyang'ana ngati ndawapempha impso.

"Namawaya," anatero, poti ndilo dzina limene anandipatsa pakampani pano, "zimene tili nazozi zafa? Chilichonse chimene chikuyaka kagetsi chigwire ntchito. Zifinye kaye."

Ndinatuluka ndikung'ung'udza. Chikhala kuti vuto linali la mawaya okha, bwenzi nditangozisiya. Kampani yathu imagulitsa mapaipi a madzi ndi mipopi, ndipo katundu yense wobwera anayenera kuyamba kulowetsedwa mu kompyuta. Netiweki inkathera m'maofesi a m'mwamba. Pansi, kosungira katundu, kunalibe ngakhale fungo lake. Ndiye a Madala, osunga katundu athu, azikwera masitepe lole iliyonse ikafika, ndi mawondo awo aja! Abwana ananeneratu kuti akalephera akapume, tipeze wina wa miyendo.

Ndinafwanthula m'kabati ya zotayidwa mpaka ndinapeza kabokosi komwaza netiweki, kali mbuu ndi fumbi, koma kamoyo. Pa swichi, bokosi logawa netiweki m'maofesi a m'mwamba, panali bowo limodzi lopanda ntchito. Ndinatolanso nthambo yotsala, n'kuidutsitsa m'denga, ndipo pamene inathera, pafupi ndi chitseko cha kosungira katundu, ndi pamene ndinapachika kabokosiko.

Ife a ntchito imeneyi sitikhulupirira kagetsi. Timayenda chipinda chonse foni ili m'manja, maso pa timizere ta netiweki. Pakhomo, todzaza. Pakati, todzaza. Kuseri kwa mashelefu achitsulo, pawindo, pamene panali tebulo ndi mpando wa a Madala, zii.

"Zaphweka, a Madala," ndinatero. "Tikokere tebuloli pakhomo, basi."

"Ayi mwanangu. Pamenepo ndiye ayi."

Aaa, mtima wanga ndi wapachala. "Ine ndadya fumbi la m'denga chifukwa cha inu, ndiye mukukanira mpando? Unamera mizu?"

Sanakwiye. Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira tebulo. "Takhala apa."

Ndinakhala, ndikufufuma. Windolo linaloza kutsidya kwa msewu, pakhonde la telala. Pabenchi panali mayi wachikulire wovala juzi yobiriwira, chikwama chili pamiyendo, maso ali kuno.

"Ndi mayi akunyumba," anatero a Madala. "Mutu wawo unayamba kuiwala. Ndikawasiya okha amatuluka n'kusochera, ndiye telalayo amandisungira pabenchi. Akamandiona pawindo amakhala phee. Ndikasowa nthawi yaitali amanyamuka kukandifuna, ndipo msewuwu ukuuona wekha."

Lole inadutsa ikuthamanga. Manyazi anandigwira. Nthawi yonseyi ine ndinkangoganiza za mawondo awo okha.

Mpando sunayenera kusuntha, kabokosi ndiko kanayenera kubwera. Koma nthambo inali yaifupi, ndipo yolumikiza mwachigamba ndimaidziwa, imagwira lero, mawa yakuchititsa manyazi. Nthambo yaitali pakampani ponse inali imodzi yokha, yopita pa desiki yanga kumapeto kwa khonde. Ndinaiyang'ana, ndinaitukwana pang'ono, ndinaizula. Ndinalowanso m'denga muja, akangaude akundilonjera ngati m'bale wawo, n'kukamangirira kabokosiko pamwamba pa mashelefu. Nditakhalanso pa mpando wa eni ake, timizere tonse tinali titadzaza.

Lole ya mipopi itafika, abwana anatsika kudzaona. A Madala analowetsa makatoni mu kompyuta ndi chala chimodzi, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu. Abwana anaimbira a maakaunti m'mwamba, ndipo anayankha kuti zonse zikuoneka.

"Wagula chiyani, Namawaya?"

"Palibe, bwana."

Nkhope yawo inawala. "Nanga desiki yako bwanji ilibe netiweki?"

"Ndizigwirira konkuno. Katoni yokhalapo ilipo."

Anakanda pamutu, nayang'ana a Madala. "Chabwino. Inu bambo, khalani pomwepo. Za kupuma zija tiiwale."

Abwana atakwera, a Madala anadzuka pa mpando. Kenako anatenga chipewa chawo.

"Ndikawauze mayi ako," anatero.

"Akumbukira?" Funsolo linangondipulumuka, ndipo ndinadziluma lilime.

"Pofika madzulo akhala ataiwala." Anaseka, maso ali ndi misozi. "Ndiye mwayi wanga umenewo, mwanangu. Mawa ndidzawauzanso, adzasangalalanso."

Anatuluka akutsimphina. Ndinawaona akudikira magalimoto adutse, kenako anaoloka.