Tcheni cha Lole ya Yunusu

Chaka chimene boma linkasamukira ku Lilongwe, mvula inagwa yosapumira. Yunusu, mwamuna wa Zubeida, ankayendetsa lole yotuta mitengo ku Dzalanyama kubweretsa kwa amisiri omanga ku City Centre. Kale ankagona kunyumba Lachisanu lililonse. Koma chiyambireni mvula sanaonekenso, ndipo mwana wawo Rahima anaphunzira kuyenda bambo ake kulibe.

Zubeida ankagulitsa samusa pafupi ndi mlatho wa ku Old Town. Lole iliyonse ikamawoloka ankasiya kupanira moto n'kudzutsa mutu. Tsiku lina inaimadi ina, koma amene anatsika anali Nebert, dalaivala mnzake wa Yunusu.

"Alamu, musadandaule, ali moyo," anatero Nebert. "Kungoti msewu wa m'nkhalango wasanduka phala. Lole yake inatitimira mpaka m'mimba, tinachita kuikoka ndi thirakitala. Akapitawo anena kuti iime mpaka mvula ithe, ndipo iye sangaisiye yokha."

"Nanga inu mwadutsa bwanji?"

"Ine ndili ndi tcheni, jeke, matabwa. Iye alibe n'fosholo yomwe."

Zubeida anamukulungira samusa m'pepala, mtima uli kale kwina.

M'mawa mwake anabereka Rahima, nasonyeza khadi la chipani pakhomo la msika, nalunjika kwa mchimwene wake Bwanali, wosula zitsulo. Bwanali anali ndi tcheni chadzimbiri chimene chinagona pansi pa benchi zaka zambiri.

"Mlongo, lole si ya alamu. Kampani igule yokha," anatero.

"Kampani ilibe mwana woiwala nkhope ya bambo ake, achimwene."

Bwanali anamuyang'ana, kenaka anakoleza makala. Anawotcherera pamene panaduka nasula ngowe ziwiri zokolera.

Zina zinabwera pang'onopang'ono. Fosholo anapempha kwa mayi wina wapamsika amene mwamuna wake anasiya ntchito ya m'misewu. Matabwa okhuthala anakawatenga ku City Centre, komwe kalipentala wina amene ankakonda samusa zake anamusankhira otsala. Anawasenza pamutu mtunda wonsewo, khosi likuwawa. Jeke ndiyo inavuta. Anastazia, mnzake amene ankachapa zovala m'nyumba ina ku Area 10, anakamupemphera kwa abwana ake jeke yakale imene inkangokhala m'galaja. Nebert ataiona anaseka kuti ndi yaing'ono kwa lole yodzaza, komabe anati ithandiza akaitsamiritsa pa thabwa.

Zonse anazimanga m'masaka. Nebert akukweza, anafunsa ngati pali mawu oti akanene.

Mawu analipo ambiri. Zubeida anangoti, "Mukawauze kuti Rahima wayamba kuthamanga."

Sabata inatha, ina inayamba. Mvula ikachita bata iye ankati mawa abwera. Ikayambanso, ankaona m'maganizo mwake matayala akuzungulira pamodzimodzi, mwamuna wake atagwada m'thope.

Anabwera masana ena dzuwa litawala. Lole inaima patsidya pa msewu, mitengo ili pamwamba, tcheni chikulendewera kumbuyo chili thope lokhalokha. Yunusu anatsika ataonda, ndevu zitakula, chala chimodzi atachimanga nsanza.

"Amake Rahima, ndatitimira kawiri," anatero akumwetulira. "Kawiri konse ndatuluka."

Zubeida anamuthirira madzi m'manja, namupatsa samusa zotentha. Rahima anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake, akusuzumira mlendoyo ndi diso limodzi. Yunusu ananjuta, natambasula dzanja, koma mwana anakana.

"Mugona?" anafunsa Zubeida.

"Ayi. Ndikatsitsa ndibwerere mitambo isanasonkhane. Anzanga atsala kumeneko opanda ufa."

Anakhala pang'ono pa benchi, mapewa atagundana, akukamba za denga lodontha ndi za Bwanali. Kenaka Yunusu anaimirira. Injini italira, Rahima anatuluka m'chitenje muja n'kukweza kadzanja. Zubeida sanadziwe ngati bambo ake anaona. Anaima pomwepo mpaka lole inakwera chitunda n'kukhota, mafuta akupserera m'chiwaya kumbuyo kwake.