Fumbi la M'kanyumba ka Kuphiri

Ndinawagwira dzanja tsache lisanakhudze pansi.

"Alamu, mwatani? Mukufuna tivine?" anatero a Arvid, akundiyang'anira pamwamba pa magalasi awo.

Ndinawauza kuti asasese. Anaseka, n'kundikumbutsa kuti anayamba kusamala kanyumba kameneko ine ndisanadziwe n'komwe kuti ku Montana kuno kuli mtsikana wotchedwa Marlys. Sananame. Kanyumbako anamanga ndi bambo awo m'mphepete mwa nkhalango ya paini, ndipo chaka chilichonse chipale chikasungunuka tinkakwera phiri kukakatsegula: kuchotsa matabwa m'mawindo, kuyanika matiresi, kusesa. Kusesako inali ntchito ya Marlys, mlongo wawo, mkazi wanga. Ankati amunafe timangosamutsa fumbi kuchoka pakona iyi kupita pakona iyo.

Aka kanali koyamba kubwera iye palibe. Pansi ponse panali mbwee timanyi ta mbewa, takuda ngati mpunga wopserera.

Chaka cham'mbuyo mwake Marlys anasesa monga mwa nthawi zonse, mpango kumutu, akung'ung'udza nyimbo. Patapita milungu ingapo anayamba kumva kuphwanya m'thupi. Tonse tinati n'chimfine. Kwathu kuno munthu sapita kuchipatala chifukwa cha chimfine. Amamwa tiyi wotentha n'kupitiriza ntchito, ndipo iye anakaphika nawo chakudya cha pamaliro a mzimayi wina wa kutchalitchi. Tsiku limene anakhala pansi pakati pa masitepe a pakhonde, akusakasaka mpweya, m'pamene ndinamutengera kuchipatala.

Dokotala wake anali Joanne Tveit, amene ndinamuphunzitsapo sayansi kusekondale, ndipo sanasiye kunditchula kuti aphunzitsi. Anati matendawa amachokera kwa mbewa za kuthengo, kachilombo kake kamakwera ndi fumbi munthu akamasesa pouma. Mankhwala akeake kunalibe. Koma panali ena amene amalepheretsa tizilombo ta mitundu yambiri kuswana, ndipo mu labotale anagonjetsapo kachilombo kameneka. Kwa anthu odwala, anatero, panalibe amene akanalonjeza. Ndinavomera asanamalize kulankhula.

Ndinkawadziwa mankhwalawo. Ndinawerengapo za iwo zaka zambiri zapitazo, n'kuwafotokozera ana m'kalasi ndi chimwemwe chimene sindionetsa kawirikawiri: mankhwala amodzi, adani ambirimbiri. Choncho madzi a dilipi atayamba kudontha, ndinakokera mpando pafupi ndi bedi n'kuyamba kumulongosolera Marlys. Ndinati kachilombo kamadzimangira ana ake ngati mmisiri womanga nyumba, ndipo mankhwalawa ali ngati njerwa zosapsa zimene wazizembetsa pa mulu wake. Mmisiri amangotola, kumangira, khoma n'kugwa.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anasuntha pang'ono chopumira chimene anamuveka kukamwa.

"Aphunzitsi, mayeso ake ndi liti?"

Ndinati sindinaganizire.

"Nanga mwadya?"

Ndinanama kuti ndadya. Anandiyang'ana monga ankayang'anira pansi ndikasesa ine.

M'mawa mwake Joanne anandipeza pakhonde la wodi. Sanazungulire. "Mwina mankhwala akugwira ntchito yake, aphunzitsi. Koma afika moto utadutsa kale. Madzi amene adzaza m'mapapomo akutuluka m'mitsempha ya mayi omwe, ndipo amenewo mankhwalawa sangawabweze."

Ndinamuthokoza chifukwa chofotokoza bwino. Marlys anatisiya sabata yomweyo.

Zonsezi a Arvid ankazidziwa, chifukwa anali nafe. Komabe tsache sanalisiye. Anati mwana wawo wokhala mumzinda wa Billings anawauza kuti masiku ano akatswiri akupanga mapiritsi atsopano, opha kachilombo kalikonse, ndipo kuti zimene zinachitikira mlongo wawo sizingachitikenso. Akadzamva kuphwanya m'thupi adzangomeza limodzi, basi. Anawonjezera kuti mphezi siimenya mtengo umodzi kawiri.

Ndinawayankha kuti nanenso ndimawayembekezera mankhwala oterowo, ndipo akadzafika adzapulumutsa anthu ambiri. Koma ngakhale abwino kwambiri amafuna munthu wofulumira, wobwera kachilombo kasanayale mphasa.

Kenako ndinawafunsa kuti, "Ndiye mundiuze, alamu, inuyo munapitapo liti kuchipatala mofulumira? Si inu munayenda ndi phazi lothyoka mpaka kumaliza kukolola tirigu?"

"Linangong'aluka pang'ono."

"Linatupa ngati dzungu. Nsapato munachita kuidula ndi mpeni."

"Inali nsapato yakale," anatero, koma mawu awo anali atatsika.

Kunja mphepo inkagwedeza mapaini. Ndinaona kuti ndikadawagwirabe dzanja, ndipo sindinadziwe kuti ndilisiye bwanji.

"M'banja mwanu ndataya kale mmodzi," ndinatero. "Wachiwiri ndakana. Ndizikangana ndi ndani?"

A Arvid anayang'ana tsache lija kwa kanthawi. Linali lake la Marlys, la mpini wofiira, lodyeka mbali imodzi chifukwa ankasesera kumanzere. Kenako anatuluka nalo n'kuliyedzamiritsa pamtengo, akung'ung'udza kuti mlongo wawo anakwatiwa ndi munthu wamantha ngati nkhuku.

Tinatsegula zitseko ndi mawindo onse, n'kukakhala kumbuyo kwa pikapu tikumwa khofi, kudikira kuti mphepo idutse m'nyumba. Anandiuza za mtengo wa ng'ombe, ine ndinawauza za mawondo anga. Za Marlys sitinanenepo. Kenako tinavala masiki, ndinasungunula kolorini m'ndowa, n'kuwaza pansi ponse mpaka kunyowa kuti fumbi lisauluke. Chotsala chinali kugwada ndi kupukuta ndi nsanza.

Apa m'pamene ndinaona kuti ndinangotenga magolovesi a munthu mmodzi. Ndinawapatsa a Arvid. Iwo anasuzumira pansi pa sinki n'kutulutsa ena achikasu, aang'ono, zala zake zikadali zopindika monga mmene mwini wake, Marlys, anawavulira. Anawaviika m'ndowa muja n'kundipatsira.

Anandithina. Ndinachita kukankha chala chimodzichimodzi, ndipo analekezera pamfundo ya dzanja.

"Akanakuonani," anatero a Arvid, mawu akumveka m'kati mwa masiki, "akanati lero mukusamutsa matope."

Tinagwada, iwo kuyambira kukhomo, ine kuyambira kumbaula, nkhalamba ziwiri zokwawa ngati makanda, mpaka tinagundana matako pakati pa chipinda. Anati ndimapukuta ngati munthu wophunzira. Ndinati iwo adumpha pansi pa tebulo.

Titamaliza ndinatsuka magolovesi aja n'kuwapachika pachingwe chimene Marlys anamanga pakati pa khonde ndi mtengo wapaini. Analendewera pamenepo akudontha madzi, pamwamba pa tsache lake. Zala zija zinali zitawongoka, zitatalika pang'ono kutengera manja anga.