Mizu ya Mayi Esnat

Phewa la Lestina linayamba kuwawa m'mwezi wa Febuluwale, tiyi ataphuka kwambiri ndi mvula. Dengu la kumsana linkamulemera lisanafike ndi theka lomwe. Kuchipatala cha pa esiteti anamupatsa panado kawiri konse. A kapitawo anamuuza mosabisa kuti akatsaliranso m'mizere Lolemba, dengulo apatsa wina.

Loweruka ataweruka, Lestina anakwera kabaza kupita ku Masambanjati kwa mayi Esnat, odziwa zitsamba.

Mayiwo sanathamangire phewalo. Anamufunsa zimene amadya m'mawa, nthawi imene amagona, ndiponso amene amacheza naye. Kenako anamugwira pakhosi, chala n'kumatsetsereka mpaka paphewa.

"Apa palimba ngati chikuni. Mukamathyola mumayang'ana kuti?"

"Kutsogolo."

"Bodza, mwanawe. Khosi ili limakhalira kupotokera kumanzere. Kumanzere kwa munda wanu kuli chiyani?"

Lestina anayang'ana pansi. Kumanzere kwa munda wa nambala seveni, umene ankathyolamo, kunali msewu wa thirakitala yotuta masamba kupita kufakitale. Woyendetsa wake anali Osman wa ku Goliati, amene kwa miyezi itatu ankangopatsana naye moni pasikelo.

"Msewu basi, amayi."

"Msewu wamwayi," anatero mayi Esnat, osaseka.

Anamuuza kuti azimwa phala asanalowe m'munda, ndipo lamba wa dengu amufupikitse. Atatero anakulunga mizu m'pepala, n'kumanga ndi ulusi wofiira.

"Mizu yanga wodwala saphika yekha. Akuphikireni amene amadutsa mumsewumo. Mukaphika nokha, mwangomwa madzi owawa."

Lamulungu, atachoka kutchalitchi, Lestina anadutsa kawiri pa nyumba za madalaivala osaima. Kachitatu anaima. Osman ankachapa ovolosi pakhonde.

"Achemwali, mwasochera kapena mukuyeza msewu?"

"Ndabwera ndi ntchito, a Osman. Mukakana, musauze munthu."

Anamupatsa kaphukusi kaja n'kufotokoza lamulo lake mwachidule, maso ali pa thovu la m'beseni. Osman anakayang'anitsitsa. Anapukuta manja, n'kulowa m'nyumba.

Anakhalitsa. Lestina anaganiza zongochoka.

Potuluka, Osman anali ndi kaphukusi kena, ka ulusi wofiira womwewo, pepala lake litayamba kale kuyezuka.

"Ine ndi m'mimba," anatero. "Masabata atatu tsopano. Mayi Esnat anati andiphikire amene amandichititsa kuchepetsa liwiro pa munda wa nambala seveni."

"Masabata atatu? Amuna inu mukanafa nawotu."

"Ndimadikira phewa lanu."

Anasonkha moto panja, n'kuteleka timapoto tiwiri, aliyense kuphikira mnzake. Mizuyo inali yowawa zedi, ndipo aliyense anati ya mnzake ikuoneka yabwinoko.

Lolemba kunacha ndi nkhungu. Phewa linkawawabe, koma pang'ono. Thirakitala itadutsa, Lestina anaimva ikuchepetsa liwiro, koma sanatembenuke. Panalibenso chofuna kuona. Anafika kumapeto kwa mzere limodzi ndi anzake, ndipo a kapitawo anamuyang'ana, n'kuyang'ana dengu, n'kupitirira.