Chikope Chakugwa

Wojambula zithunzi wina anali ndi mfundo imodzi, ndipo ukamutsutsa unkangodzitopetsa: penti ntchito yake ndi kumaliza zimene Mulungu anasiya panjira. Zonyansa, ankatero, zili mbwee mumsewu, zaulere. Ungampachikirenso munthu zina pakhoma? N'chifukwa chake ometa tsitsi ankamulimbirana. Mitu imene ankajambula pamakoma awo inali yosalala, mphuno zowongoka, mano oyera mbee. Munthu wotero sanabadwepo, koma makasitomala ankaloza n'kunena kuti awamete choncho.

Tsiku lina kukachipinda kake, kuseri kwa sitolo ya matayala, kunabwera mlamu wake, mkazi wa malemu mkulu wake. Anamasula mpango n'kutulutsa kachithunzi ka pachiphaso, kokhako kamene malemu anasiya. Mwana wawo wamkazi, amene anasiyidwa ali m'mimba, anali atakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anali atayamba kufunsa kuti bambo ake ankaoneka bwanji. Kachithunziko kanali kakuzilala. Mayiyo ankafuna chachikulu chopachika pakhoma, mwana azikula akuwaona.

"Alamu, ndi kokhaka," anatero. "Mukasamale."

Wojambulayo anaseka, nati ntchito imeneyi anaiyamba iwo asanamere mano.

Anachita monga ankachitira nthawi zonse. Anatenga rula ndi bolopeni, n'kulemba mizere pakachithunzipo, yotsika ndi yopingasa, kuti nkhope igawike m'timabokosi. Pabolodi anajambula mabokosi omwewo koma akuluakulu, n'kuyamba kusamutsa nkhope bokosi ndi bokosi. Chipumi chinayenda bwino. Atafika pamaso, dzanja linaima.

Mkulu wakeyo anali ndi chikope chimodzi chakugwa chibadwire, mphuno yopindika pang'ono, ndi mpata pamano. Kusukulu ankamutcha Watulo, ndipo dzinalo linamutsata mpaka kumanda. Wojambulayo anakumbukira mmene ankamenyanirana ndi anzake chifukwa cha dzinali, mtima unamuwawa. Anati ayi, munthu anasekedwa moyo wake wonse, asekedwenso pakhoma? Anakweza chikope chija, anawongola mphuno, anatseka mpata. Sanachite mwachipongwe ayi, chinali chikondi chenicheni. Milungu itatu anakhala akuyang'anizana ndi nkhope imeneyo, kuisalaza, mpaka iye mwini anaikonda.

Atamaliza anati afufute mizere ija, abweze kachithunzi kali koyera. Anaviika kansanza mu tinala, mankhwala osungunulira penti, monga ankachitira akalakwitsa pabolodi, n'kupukuta kamodzi kokha. Mizere inachoka, nkhope n'kupita nayo limodzi. Panatsala kolala ya shati ndi khutu limodzi. Anadzitonthoza kuti chachikulucho chaposa kale kakang'onoko.

Loweruka mlamu anabwera ndi mwana, atamuveka diresi yoyenda nayo. Wojambula anavundukula nsalu n'kuima pambali, kudikira kuyamikiridwa. Mwanayo anayang'anitsitsa, mutu atapendeketsa.

"Amayi, awa si aja ali pakhoma la kometera tsitsi?"

Wojambulayo anayamba kulongosola, mawu ambirimbiri: kuti luso si galasi, kuti kamera imangotola chilichonse ngati nkhuku, kuti wakufa tiyenera kumukumbukira ali wokongola. Mayiyo anamusiya mpaka mawu anamuthera.

"Ine ndinakwatiwa ndi chikope chimene chija, alamu. Akaseka chinkatsekekeratu. Ndipatseni kanga kaja ndizipita."

Anawapatsa. Mayiyo sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anayang'ana kolala ndi khutu zija nthawi yaitali, n'kuzikulunga mumpango bwinobwino ngati mudakali munthu.

Wojambulayo analumbira kuti ajambulanso kuchokera m'mutu. Si anakula akufunda bulangete limodzi? Anagula bolodi ina. Koma dzanja lozolowera silimva kulumbira: akati ajambule mphuno, inkatuluka yowongoka. Akatsinzina kuti aone mkulu wake, ankangoona munthu wosalala uja, akumwetulira ndi mano athunthu. Milungu itatu ija inali itafufuta m'mutu mwake kuposa tinala. Anachita mantha, mantha enieni. Mabolodi anayi anatsamira kukhoma, onse a munthu mmodzi yemweyo, ndipo sanali m'bale wake.

Mapeto ake anapita kwa mlamu, manyazi atawaika m'thumba. Anawapeza akuchapa pakhonde, mwana akutchezera madzi m'chidebe. Anati angofunsa chinthu chimodzi, mwina pamenepo nkhope yonse ibwerera.

"Chikope chija, chinali chakumanja kapena chakumanzere?"

"Chakumanzere," anayankha msanga. Kenako anasiya kuchapa. Anakweza dzanja lathovu n'kugwira diso lawo lakumanzere, kenako lakumanja, n'kubwereranso. Anati mwina ndi kumanzere kwa iwo akamawayang'ana, osati kwa malemu. Zaka zonsezi, akakayika, ankangomasula mpango.

Mwana anaika chidebe pansi n'kumayang'ana amayi ake, kenako bambo ake aang'ono, kudikira kuti wina anene.